Mutu 6: Manambala awiri a mayi Asiyatu

1. Foni ya pa mjigo

Karima anali pa mzere wa pa mjigo pamene foni yake inalira. Linali Lachitatu madzulo, mwezi wa Novembala, kunja kukutentha ngakhale dzuwa linali litapendeka. Anapukuta manja pachitenje n'kuyankha.

"Karima, uli wekha?"

Anali Kingsley, mwana wa mayi Janeth, amene ankayendetsa galimoto ya bwana wina wolemera ku Blantyre. Masiku onse Kingsley ankayamba ndi nthabwala. Tsiku limeneli ngakhale moni analibe.

"Ndili pa mjigo. Kwagwanji, achimwene?"

"Choka pa anthupo kaye."

Karima anasiya ndowa yake pa mzere n'kukaima pansi pa mtengo wa mango.

"Tamvera bwino," anatero Kingsley monong'ona. "Lero ndimawayendetsa abwana kuchokera ku Limbe. Njira yonse anali pa foni, kumalankhula ngati dalaiva alibe makutu. Akuti kampani ya simenti ya Nsanamira yawola mkati. Akuti boma ladziwa, ndipo mawa masana liimitsa malonda a masheya ake. Abwana agulitsa awo onse lero lomwe. Anzawonso agulitsa. Inuyo gulitsani mawa m'mawa msika ukangotsegulidwa. Mukachedwa, ndalama za amayi zitsekeredwa mkati."

"Zitsekeredwa mpaka liti?"

"Kaya. Mwina mwezi, mwina chaka, mwina osatulukanso. Amayi anga ndawauza kale. Koma dzina langa lisamveke kwa wina aliyense, angandichotse ntchito."

Foni inaduka. Karima anagwidwa ndi mantha. Anafika kunyumba chimanjamanja, ndowa ataiiwala pa mjigo.

2. Loko wa pa foni

Kuti mumvetse mantha a Karima, muyenera kudziwa ndalama zimene ankanena Kingsley.

Amayi a m'mudzi wa Karima, kwa Malemia, anali ndi banki mkhonde yotchedwa Tisungane. Munali Akhristu ndi Asilamu omwe, onse pa mphasa imodzi. Ena ankagulitsa mpunga, ena tomato, ena zitumbuwa m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Loweruka lililonse ankasonkha kangachepe n'kuika m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ankasunga amayi atatu osiyana. Mvula ikayandikira ankatsegula bokosi n'kugawana, aliyense n'kuthamangira kogula feteleza.

Koma ndalama yogona m'bokosi inkauluka mphamvu. Imene ikanagula thumba la feteleza mu Januwale, pofika Novembala inkagula theka. Amayi ankadandaula chaka ndi chaka.

Kingsley atabwera kudzadya Khirisimasi, anawauza za msika wa masheya wa ku Blantyre. Anati sheya ndi kagawo ka kampani, ndipo kampani ikamalemera kagawo kako kamakwera mtengo. Anati masiku ano munthu akhoza kugula ali pakhonde pake, pa foni. Amayi anakangana milungu ingapo, kenako anavomera. Anagula masheya a Nsanamira, chifukwa simenti ankaidziwa, ankaiona ndi maso awo pa magolosale.

Akaunti inafunika munthu wa chiphaso cha unzika ndi foni yamakono. Wotero m'mudzimo anali Karima, mwana wa mayi Lukiya, amene chaka chimenecho anali mu Fomu 4. Choncho chuma cha amayi onse chinalembedwa m'dzina la mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Nanga amayi a Tisungane angalole chuma chawo kutsekedwa ndi loko mmodzi? Zosatheka! Atamva kuti akauntiyo imatsegulidwa ndi manambala asanu ndi limodzi achinsinsi, mayi Janeth, apampando a gulu, anawomba m'manja.

"Basitu, maloko athu atatu ndi omwewo. Aliyense wosunga kiyi asunge manambala awiri."

Ndipo zinaterodi. Awiri oyamba anasankha mayi Janeth, apakati mayi Lukiya, omaliza mayi Asiyatu. Pofuna kutsegula, mayi aliyense ankafunditsa foni ndi chitenje n'kudina ake, wina osaona. Ngakhale mwini foni sankawadziwa.

Mayi Asiyatu anali wamkulu pa onse, mayi wamasiye wolera zidzukulu. Kusukulu sanapiteko. Manambala awo sankawadziwa maina, ankangodziwa pamene chala chiyenera kugwa. Anawasankha kusunga kiyi chifukwa chiyambire gulu sanasowetsepo ngakhale tambala.

Gululi linali ndi lamulo lake lowawa. Wosunga kiyi akataitsa chuma cha gulu, amabweza yekha. Akalephera, gulu limatenga mbuzi, njinga, ngakhale munda.

Miyezi yonseyi mtengo wa masheya unkangokwera, amayi n'kumavina pa msonkhano. Anapangana kuti agulitsa kumapeto kwa Novembala. Tsopano kunatsala milungu iwiri yokha.

3. Wachitatu palibe

Lachinayi kusanache bwino, Karima ndi mayi ake anali kale pakhomo pa mayi Janeth, kufupi ndi Domasi Mishoni. Anawapeza atakhala pakhonde, maso ofiira, tiyi atazizira m'kapu.

"Amake Karima, zativuta," anatero mayi Janeth. "Ndinatuma mwana kwa a Asiyatu. Akuti ananyamuka dzana, mng'ono wawo wamwalira kuseri kwa phiri la Chikala."

"Mayo ine!" mayi Lukiya anagwira kumutu. "Foni alibetu aja."

"Ngakhale akanakhala nayo, kumeneko netiweki sigwira. Ndatuma wa kabaza akawatenge. Koma njira ija mukuidziwa. Sangafike lero masana."

Karima anali atagwada pambali. Anayang'ana foni yake, kenako anayang'ana amayi awiriwo.

"Amayi, pali njira ina," anatero motsitsa mawu. "Pansi pa malo odinapo manambala pali timawu ta Chingerezi tofunsa ngati munthu waiwala nambala yake. Ndikadina pamenepo, atumiza uthenga pa foni yangayi, ine n'kuika manambala atsopano. Tikhoza kugulitsa popanda a Asiyatu."

Mayi Janeth anamuyang'ana Karima ngati akumuona koyamba.

"Ukuti chiyani, iwe mwana? Ukutanthauza kuti miyezi yonseyi tikufunditsa foni ndi chitenje, kuseri kunali khomo lina?"

"Sindinayambe ndadinapo, amayi. Ndikulumbira."

"Ndipo sudinapo. Tamvera, Karima. Ndalama zanga zili momwemo, zambiri kuposa za mayi ako. Amene waimba foni ndi mwana wanga wobereka ndekha, ndipo ndikumukhulupirira. Usiku wonse sindinagone. Koma bokosi la Tisungane silitsegulidwa ndi anthu awiri. Chaka chija mwana wa mlamu wanga anadwala mwakayakaya, tinadikira kiyi wachitatu mpaka anafika. Lero ndithyole lamulo chifukwa cha mawu a m'galimoto amene sindingathe ngakhale kutchula mwini wake? Amayi akadzandifunsa kuti munamva kwa yani, ndidzayankha chiyani? Ayi. Tidikira a Asiyatu."

"Nanga boma likatseka?" anafunsa Karima.

"Likatseka, litsekera tonse pamodzi."

Mayi Lukiya anangomanga chitenje chawo molimba n'kuimirira. Panjira anamuuza Karima kuti akasiye mpunga kwa amjomba ake pa msika wa Songani, iwo akupita kumunda.

4. Mawu a amjomba

Che Hamadi, mchimwene wa mayi Lukiya, ankagulitsa mpunga ndi nandolo pa Songani. Anali munthu wosachedwa kuona nkhope ya munthu. Karima asanatule n'komwe thumba, anamufunsa.

"Iwe, nkhope ngati waona mzukwa. Wadwala?"

Karima anafotokoza zonse, kupatula dzina la Kingsley. Che Hamadi anamvetsera akupeta mpunga m'lichero. Atamaliza, anamulozera thumba la nandolo.

"Khala apo, mwana wa mlongo wanga, undimvere. Ine malonda ndinayamba iwe usanabadwe. Chaka china ndinagula chimanga kwa alimi kuti ndikagulitse kumene kunali njala. Ndili m'njira, lamulo linatuluka loti wopanda chilolezo asanyamule chimanga. Lamulo labwino ndithu, ankati akuteteza amphawi kwa mavenda obera anthu. Koma malole a anthu akuluakulu anali atadutsa kale dzulo lake. Amene tinapezeka pa msewu tinali ife a njinga. Anawatsina khutu ndani iwowo? Mpaka lero sindidziwa. Akulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma pa msika sitiyambira limodzi ayi. Wamkulu amamva lero, wamng'ono amamva mawa pa wailesi."

"Ndiye n'zimenetu ndikunena, amjomba. Ife tamva lero. Mwayi ndi womwewu."

"Dikira, sindinathe. Sindikuti amene wakuuzayo wanama. Mwina wanena zoona. Sindikutinso boma likulakwa kutseka. Nyumba ikamapsa, wina ayenera kuletsa anthu kulowamo. Changa chodandaula n'chakuti amatseka chitseko eni mafuta atatuluka kale. Koma zimenezo si iwe ungazikonze m'mawa uno ndi kafoni kako.

"Chimene ndikufuna umve ndi ichi. Ndalama ikatayika pamaso pa onse, anthu amalira limodzi, kukacha n'kuyambanso kusonkha. Koma ikagwiridwa ndi munthu mmodzi mseri, kaya itayike kaya ipulumuke, gulu latha basi. Tinene kuti watsegula wekha, wagulitsa, ndalama zonse zabwera. Adzakuthokoza ndi pakamwa. Koma pobwerera kwawo aliyense adzayamba kuwerengera mumtima: kani mwana uja amatha kutsegula yekha? Nanga miyezi yonse ija ankatani? Ndalama ya mayeso ake inachokera kuti? Nsapato zija anagula ndi chiyani? Sudzakhala ndi choyankha, ngakhale uli woyera ngati ufa.

"Ndipo si iwe wekha. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Mayi ako ndi wosunga kiyi. Iweyo ukathyola, adzati munapangana m'nyumba. Munda wa mpunga wa kusikimu ya mthirira uja bambo ako anausiya kuti ukuphunzitse, usauike pa moto. Amayi aja anakupatsa chuma chawo kuti uwasungire, sanakupatse kuti uwaganizire. Apampando akana, iwe bwerera kunyumba ukakhale pansi."

Karima anamva magazi akuwira.

"Koma amjomba, feteleza akapanda kugulidwa, ana a amayi aja adzadya chiyani chaka chamawa? Adzadya lamulo?"

Che Hamadi anaika lichero pansi.

"Funso lako ndi labwino, ndipo yankho lake ndilibe. Njala ndi yoopsa, ndimaidziwa. Koma ine ndakuuza zimene ndaona ndi maso angawa. Makutu ndi ako."

Kunabwera wogula mpunga, che Hamadi n'kutembenukira ku sikelo. Karima anatsanzika mwaulemu. Koma mwana akatsanzika mwaulemu kwambiri, si ndiye kuti wamva.

5. Pa chulu

Kuseri kwa sukulu ya pulaimale ya m'mudzimo kunali chulu chachikulu. Aliyense wofuna netiweki yamphamvu ankakwera pamenepo. Karima anafika dzuwa litakwera, ana asukulu ali m'makalasi. Anayang'ana uku ndi uku. Sanaone munthu.

Anadina molakwika kawiri. Kachitatu anadina pa timawu tija. Posakhalitsa foni inalira, uthenga unafika. Anaika manambala atsopano a m'mutu mwake. Akaunti inatseguka, phwii, ngati chitseko chopanda mpiringidzo.

Abale inu, maloko atatu amene amayi anawalemekeza pafupifupi chaka chathunthu anatha m'kanthawi kosakwana kumwa kapu ya madzi.

Mtengo wa Nsanamira unali utatsika kale, manambala ake ali ofiira. Karima anasankha kugulitsa masheya onse n'kudina. Anatseka maso, akupemphera chamumtima.

Atatsegula maso, foni inali italemba kuti pempho lake lalandiridwa, likudikira wogula.

Wogula? Karima sanaganizepo zimenezo. Iye ankayesa kuti masheya ali ngati ndalama za m'bokosi, ukatsegula umangotapa. Anali ataiwala chimene mwana aliyense wa pa Songani amadziwa, chakuti tomato sagulitsika popanda womufuna.

Anadikira. Mtengo unatsikanso. Anaimba foni ku ofesi ya ku Blantyre imene inkawagulira masheya. Anamuikira nyimbo, mayunitsi ake n'kumatha. Kenako kunamveka mawu otopa a mayi wina.

"Pepani, achemwali, lero aliyense akufuna kugulitsa Nsanamira. Ogula palibe. Muli pa mzere."

"Mzere wake ndi wautali bwanji?"

"Wautali ndithu."

"Chonde, mayi, ndalamazi si zanga. Ndi za amayi akumudzi, za feteleza. Simungatiike kutsogolo?"

"Sindingathe. Amene anabwera dzulo anagulitsa. Lero zavuta."

Mayunitsi anathera pomwepo. Dzulo lake ogula analipodi: aphunzitsi, anamwino, ogulitsa kaunjika, anthu ang'onoang'ono amene anaona mtengo utatsika pang'ono n'kuyesa mwayi wawapeza. Iwowo ndi amene anasenza mtolo umene mabwana anatula.

Karima anatsika pa chulu n'kukaima pa golosale ya pafupi, pamene wailesi inkalira tsiku lonse. Nkhani za masana zitayamba, anatchera khutu. Wowerenga nkhani anati akuluakulu a boma oyang'anira msika wa masheya aimitsa malonda onse a kampani ya simenti ya Nsanamira kufikira kafukufuku atatha. Anati achita izi pofuna kuteteza anthu wamba amene ali ndi masheya ochepa. Za tsiku lotsegulira sananene.

Abambo amene ankasewera bawo pakhonde la golosaleyo sanadzutse n'komwe mitu. Kwa iwo zinali nkhani za anthu a m'tauni.

Karima anayang'ana foni. Palibe ngakhale sheya imodzi imene inagulitsidwa. Anathyola loko wa amayi popanda chimene anapulumutsa.

Anafafaniza pempho lija msangamsanga kuti lisaoneke. Kenako anati abwezeretse manambala akale, zonse zikhale ngati mmene zinalili. Apa ndi pamene chala chake chinaima m'malere. Manambala akale ati? Sankawadziwa. Anali m'mitu ya amayi atatu, awiriawiri, ndipo akanawafunsa bwanji osaulula chimene wachita?

Madzulo a tsikulo Karima sanadye. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

6. Loweruka

Mayi Asiyatu anafika Lachisanu madzulo pa kabaza, fumbi thupi lonse, maso otupa ndi kulira maliro. Pofika Loweruka, nkhani ya pa wailesi inali itafika nyumba iliyonse ya Tisungane.

Msonkhano unali pakhonde la mayi Janeth. Tsiku limeneli panalibe nyimbo yotsegulira. Amayi anakhala mothinana, ana ali kumsana, aliyense akulankhula nthawi imodzi. Ena ankati ndalama zapita. Ena ankatukwana tsiku limene anamvera za masheya. Mayi wina wogulitsa tomato analoza mayi Asiyatu ndi chala.

"Tamva kuti apampando anakufunani Lachinayi m'mawa kuti tigulitse. Mukanakhalapo bwenzi tili ndi ndalama zathu m'manja."

"Ndinali ku maliro a mng'ono wanga," anayankha mayi Asiyatu mofatsa. "Imfa sipangana tsiku."

Karima ankadziwa kuti ngakhale mayi Asiyatu akanakhalapo, wogula kunalibe. Koma akanadziwa bwanji zimenezo munthu amene sanatsegule akaunti? Anangoweramitsa mutu.

Mayi Janeth anakweza dzanja.

"Amayi, tiyeni tikhale chete. Maliro si mlandu. Wailesi sinati masheya athu afafanizidwa, yati malonda aima. Mbuzi ikatsekeredwa m'khola siinafe. Zoti tidzagula bwanji feteleza tikambirana, ndipo n'zowawa, sindikubisirani. Koma choyamba titsegule foni, aliyense aone ndi maso ake kuti chuma chathu chilipo. Karima, bwera nayo."

Karima anaimirira ngati wodwala malungo. Anapereka foni ndi manja awiri n'kukakhala pafupi ndi mayi ake.

Mayi Janeth anafunditsa foni ndi chitenje, nadina awo. Mayi Lukiya anadina awo. Mayi Asiyatu anapukuta chala pa mpango, nalowetsa dzanja pansi pa chitenje, nadina.

Foni inanjenjemera n'kulemba mawu ofiira.

"Yati chiyani, Karima? Tiwerengere," anatero mayi Janeth.

"Yati manambala ndi olakwika." Mawu ake anatuluka ngati a mwana wakhanda.

"Wina chala chaterereka. Tibwereze, modekha," anatero apampando.

Anabwereza modekha. Foni inanjenjemeranso.

"Werenga."

Karima anawerenganso. "Yati ndi olakwikanso. Yati kwatsala mwayi umodzi. Tikalakwitsanso, akaunti itsekedwa."

Ha! Phokoso limene linabuka pamenepo! Kwa amayiwo, kutsekedwa kunatanthauza kuti chuma chapita mpaka kalekale. Ana anayamba kulira kumsana.

"Anga ndi tsiku limene ndinabatizidwa, sindingaiwale," anatero mayi Janeth.

"Anganso ndikuwadziwa bwino," anatero mayi Lukiya, maso ali pansi.

Maso onse anatembenukira kwa mayi Asiyatu.

"Tinanena ife kuti kiyi wa pa foni asapatsidwe munthu wosadziwa kuwerenga!"

"Poyamba kusowa tsiku lofunika, lero kuiwala manambala!"

"Lamulo lilipo. Mbuzi ali nazo. Munda kusikimu ali nawo."

Mayi Asiyatu anayang'ana chala chawo ngati chawalakwira.

"Chala ichi chimadziwa njira yake," anatero. "Chaka chonse sichinasochere. Koma kaya, anzanga. Ndangoika kumene mng'ono wanga, mutu sukugwira. Mwina ndaiwaladi. Ngati ndi ine ndakutayitsani, musandichitire chisoni. Koma munda okha mundisiyire mpaka tikolole, zidzukulu zija zilibe kwina kodya."

Karima sanathenso kupirira. Misozi inadzaza m'maso. Anatsamira dzanja pa mphasa kuti aimirire.

Pomwepo dzanja la mayi ake linamugwira pamkono, pansi pa chitenje pamene wina sakanaona. Linagwira molimba mpaka zikhadabo kulowa m'khungu. Mayi Lukiya sanatembenuke. Nkhope yawo inali kutsogolo, milomo yokha ndi imene inayenda.

"Khala pansi. Ndinakuona pa chulu paja ndikuchokera kumunda. Ukatsegula pakamwa, munda umene upite ndi wathu."

Karima anauma thupi lonse. Kani mayi ake ankadziwa kuyambira Lachinayi!

Mayi Janeth anatontholetsa anthu movutikira. Anadina manambala awo kachitatu, napereka foni kwa mayi Lukiya. Mayi Lukiya anadina awo ndi dzanja limodzi, linalo osamusiya mwana wawo. Kenako foni inafika pa miyendo ya mayi Asiyatu.

Mayi wokalambayo anayesa kuinyamula, koma manja ankagwedezeka kwambiri moti inatsala pang'ono kugwa. Anayang'ana nkhope zokwiya zimene zinawazungulira, kufunafuna imodzi yoti aikhulupirire. Anaipeza.

"Karima mwanangu," anatero, "iwe ndiwe wa mtima wabwino. Tabwera undigwirire foniyi kuti chala changa chisaphonye."

Zikhadabo za mayi Lukiya zinalowa kwambiri. Amayi onse ankadikira. Karima anatambasula dzanja limene mayi ake sanaligwire kuti alandire foniyo, mumtima asanasankhe pakati pa kuulula ndi kubisa.